Khola Lomwe Anabadwiramo Hollis Tackett

Mlamu wanga Hollis Tackett anabadwira m'nyumba ya njerwa yokhala ndi piyano, kuseri kwa khoti, m'katauni kathu kano ka ku Kentucky. Bambo ake anali dokotala wa mano. Ndikudziwa chifukwa ndinakwatira mlongo wake, Nadine, ndipo mano anga awiri anatsala m'nyumba imeneyo.

Koma Hollis atanyamula gitala n'kupita ku Nashville, mzinda wa oimba, anakabadwanso. M'nyimbo zake anabadwira m'kanyumba ka mitengo kodontha, nsapato anazidziwa atamera kale ndevu, ndipo bambo ake anafera mumgodi wa malasha. Apongozi anga ankamvera imfa yawoyo pa wailesi uku akuzula munthu dzino. Hollis anakwatira katatu. Ukwati uliwonse unkabala nyimbo imodzi, kutha kwake n'kubala zinayi, choncho sankachedwa nawo.

Nadine anamwalira m'nyengo yozizira. Hollis sanabwere kumaliro, anali kokaimba ku Texas. Anatumiza nkhata ya maluwa yooneka ngati gitala, yaikulu moti inakana kulowa pakhomo la tchalitchi. Chaka chisanathe anatulutsa nyimbo yonena kuti iye anagwira dzanja la mlongo wake mpaka kutsirizika, ndiponso kuti mawu omaliza a Nadine anali omuuza kuti asasiye kuimba. Dzanjalo ndinaligwira ndine. Mawu ake omaliza anandiuza kuti ndisaiwale kutsekera nkhuku.

Nyimboyo inamveka paliponse. Amayi ankalira nayo m'sitolo, n'kumandigwira paphewa kundiuza kuti ndine wamwayi kukhala ndi mlamu wachikondi chotero. Ndinkagula misomali yanga n'kutuluka.

Zaka zitapita, mawu a Hollis anasasa ndipo wailesi zinamuiwala. Anatsala ndi okalamba anzake, omwe ankabwera pa mabasi kudzaona kanyumba kodontha kaja. Mayi Pruitt, mkazi wa meya, anatopa ndi kuwauza kuti kanapsa. Anayenda dera lonse kufuna nyumba ya mitengo, ndipo yokhayo imene anapeza inali khola la nkhuku za Nadine. Anandipempha kuti alisandutse kanyumba kaja, ndinakana. Anabweranso ndi keke. Kekeyo ndinadya, ndinakananso.

Kenako anabwera Hollis mwiniwake, atavala chipewa choyera ndi jombo zosadziwa ndowe.

"Alamu, mwakalambatu," anatero.

"Inu ayi. Tsitsi lanu likungoderaderabe."

Anaseka kuseka kwa pa siteji. Anaima pakhomo la khola, anavula chipewa, n'kunena kuti zonse zili monga momwe amazikumbukira. Tambala anamuyang'ana. Ndiye anayamba kufotokoza: kuti mtolankhani wina wayamba kufunsa za nyumba ya njerwa ija, kuti popanda kanyumba mabasi asiya kubwera, kuti iye alibenso china, ndiponso kuti Nadine akanakhala moyo akanavomera. Apo ananena zoona. Nadine ankamukonda ngakhale ankati Hollis amanama ndi popemphera pomwe.

"Tengani," ndinatero. "Koma nyimbo ya Nadine musadzaimbenso."

"Orvel, anthu amabwerera imeneyo. Mukufuna ndiziimba chiyani?"

"Muli ndi akazi atatu."

"Alamu, musaume mtima chonchi."

"Ndiye kabadwireni kwina."

Anayang'ana khola, anayang'ana jombo zake. Anavomera, mpaka kulumbira pa manda a bambo ake. Sindinafunse kuti manda ake ati.

Kholalo ndinalikoka ndekha. Tinaliika pa mitengo iwiri ikuluikulu, ndinakoleka tcheni ku thirakitala, n'kulikhwekhwereza mpaka pabwalo lapakati pa tauni. Nkhuku zinasamukira m'galaja. Mayi Pruitt anakolopa, anaikamo bedi lachitsulo, Baibulo ndi nyali ya mgodi. Fungo linakana kuchoka. Alendo oyamba ataliona anatuluka akupukuta misozi, akuti umphawi umanunkha choncho.

Tsiku lotsegulira kunadza anthu ambiri. Anakhoma siteji ya matabwa pafupi ndi khola, meya analankhula mpaka ana anagona, kenako Hollis anakwera. Anaimba ya galimoto yake yakale, ya galu, ya mkazi wachiwiri. Anthu ankaomba m'manja mwaulemu, monga amachitira mwana wa abusa akalakwitsa vesi. Ndiye mayi wina kumbuyo anaitanitsa ya Nadine. Ena anamuthandiza. Posakhalitsa bwalo lonse linali kutchula dzina la mkazi wanga ngati akuitanitsa mowa.

Hollis sanandiyang'ane. Anaweramitsa chipewa, zala zake zinayamba kugunda poyambira nyimbo ija.

Ndinanyamuka. Thirakitala inali pomwe ndinaisiya, tcheni lili chikolekere ku khola. Ndinakwera, ndinaliza injini, ndinaponda pang'ono. Tcheni linakungika. Malo obadwira Hollis Tackett anasuntha phazi limodzi kulowera kwathu, mayi Pruitt ali m'kati momwemo akukonza pilo.

Gitala inasiya. Hollis anandiyang'ana tsopano, nane ndinamuyang'ana. Ndinazimitsa injini kuti anthu amumve bwino.

Anavula chipewa n'kuuza anthuwo kuti amukhululukire, nyimbo imeneyo mtima wake sungathenso kuinyamula, anaikwirira pamodzi ndi mlongo wake. Mawu ananjenjemera pamalo oyenera. Anthu analira kuposa momwe ankalirira ndi nyimbo yeniyeniyo, ndipo mtolankhani uja analemba zimenezo m'malo mwa nyumba ya njerwa.

Sanaiimbenso, kuno kapena kwina. Ndimafunsa oyendetsa mabasi. Thirakitala ndinaisiya pomwepo, makiyi ali m'thumba mwanga, ndipo polima ndimabwereka ya mnansi. Mayi Pruitt anapachikapo chikwangwani chonena kuti inali ya bambo ake a Hollis, ankalimira asanapite kumgodi.