Diresi la Prudence ndi Maso a Ba Eunice

Ba Eunice, telala wa pa msika wa Kafue, anali ndi ntchito imene sakanalola munthu wina kuigwira: kusoka diresi la ukwati la mwana wawo Prudence. Koma maso anayamba kuwachita chipongwe. Mikanda yoyera pansalu yoyera inkaoneka ngati ili m'nkhungu, ndipo tsiku lina analumikiza mkono wa diresilo mozondotsa. Mantha anawagwira, poti ukwati unatsala miyezi yochepa.

"Ni ukote chabe uyu, mwakalamba," anatero mnzawo ba Ennie, wogulitsa ndiwo za ku Shimabala. "Gulani magalasi pa steshoni. Muyese pa nyuzi, yamene yaonesa bwino ndiye yanu."

Anagula. Magalasiwo anathandiza masiku awiri basi. Anagulanso ena, kenaka ena, mpaka pamakina pawo panakhala ngati pogulitsira magalasi. Prudence zinamukwana, ndipo anawakokera ku chipatala.

Namwino, ba Yande, atayeza magazi anapukusa mutu. "Amai, mankhwala ya shuga mukumwa?"

"Ninaleka, ba Sista, nimvela bwino. Na shuga mu tiyi ninaleka kudala," anayankha monyadira. "Manje nimamwa chabe munkoyo, chakumwa cha makolo."

"Ba mami, uja wamene mumaikamo shuga mpaka supuni yaimilila?" anaulula Prudence.

Onse anaseka, ngakhale mwini wake. Kenaka ba Yande anafotokoza mofatsa kuti shuga akakwera amasokoneza kaonedwe, n'chifukwa chake magalasi ankagwira lero n'kukana mawa. Choopsa kwambiri n'chakuti amawononga timitsempha takumbuyo kwa diso mwakachetechete, popanda ululu.

"Ivi magalasi siyangakonze," anatero. "Muyende ku Lusaka bakaone mukati mwa maso. Muyende na Prudence, cifukwa bazakudonthezani mankhwala, simuzaona bwino pobwela."

Kumeneko dokotala anapeza kuti timitsempha tina tinali titayamba kudontha, koma vutolo analipeza msanga. Anawapatsa chithandizo ndi tsiku lobweranso.

Ba Eunice anasintha, ngakhale ankadandaula ngati mwana. Mankhwala ankamwa tsiku lililonse, nshima anachepetsa, ndiwo zamasamba anachulukitsa moti ba Ennie ndi amene anapindula. Madzulo ankazungulira misewu ya Kafue Estates wapansi, n'kumayezetsanso kuthamanga kwa magazi. Maso sanabwerere pa utsikana, koma nkhungu ija inachepa, ndipo diresi linatha.

Tsiku la ukwati, Prudence atangotulukira pakhomo la tchalitchi, nthungululu zinaphulika. Ba Eunice anaimirira, namuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, misozi ikutsika.

"Mulilila chani pa chisangalalo?" anafunsa ba Ennie.

"Nenze kuyopa kuti lelo nizankala chabe nimvela bantu bakamba ati mwana wanu waoneka bwino," anatero ba Eunice, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Manje nadzionela neka."

Phunziro: Ngati muli ndi matenda a shuga, kayezetseni maso chaka chilichonse ngakhale mukuona bwino. Musasiye mankhwala, ndipo kumbukirani kuti shuga wa m'zakumwa zakwathu ndi shuga yemweyo. Maso akayamba kuchita nkhungu kapena kuona timadontho takuda, thamangirani ku chipatala, osati pamsika.