Dzanja Lamanzere la Merv

Rhonda Kastelic anayamba kuliza gitala ya besi mu bandi ya Gantry Dogs ali mtsikana, masiku amene fakitale ya zitsulo ya ku Port Kembla inkadyetsa tauni yonse. Ankaimba m'mabala momwe nsapato zinkamata pansi ndi mowa wotayika. Pofika nthawi yojambula chimbale chomaliza anali atatsala atatu: iyeyo, Col Donaghy mwini mawu ndi gitala, ndi Merv Petrakis wa ng'oma.

Merv ndiye anali mzati wa bandiyo. Kale ankamenya ng'oma ngati zamulakwira, anthu n'kumabwera kudzangoonera manja ake. Koma sitiroko itamugwetsa, dzanja lamanzere linatsala lolemera, lomafika mochedwa ngati mlendo wosadziwa njira.

Nyimbo yoyamba anaibwereza mpaka zala za Rhonda zinachita dzanzi. Mayi wojambula mawu, Shireen, anaitanira Rhonda ndi Col pambali.

"Sizikutheka, akuluakulu," anatero monong'ona. "Mundilole ng'omazi ndizikonze pa kompyuta, apo ayi tiitane wa ng'oma wina ku Sydney. Palibe adzadziwe."

Merv anali atamva. Masana, atatuwo atakhala pakhoma la kudoko akudya tchipisi ndi nsomba, Merv anayang'ana Rhonda.

"Muuze mnzakoyu atenge munthu wina. Ine ndatha."

Col anaponyera mbalame tchipisi chimodzi, osatembenuka.

"Iwe Mgiriki, unayamba liti kuimba bwino kuti lero uzidandaula? Zaka zonsezi takhala tikungokupirira. Unkathamanga, ife n'kumakutsatira lilime lili panja. Lero ukuchedwa, tikudikira. Vuto lili pati?"

"Uwononga dzina la bandi, chitsiru iwe."

"Dzinalo ndi lathu. Tiliwononga tokha."

Rhonda zinamuwawa mumtima. Anali atapeka nyimbo ziwiri zothamanga, zabwino kuposa zonse zimene anapekapo, ndipo ankadziwa kuti zikachedwetsedwa zifa. Anafuna kukana zozichedwetsa. Atabwerera mu situdiyo anapeza Merv akumangirira ndodo ya ng'oma kudzanja lodwalalo ndi tepi, akukoka ndi mano, thukuta lili kamukamu. Rhonda anangonyamula gitala yake.

"Tiyambe ndi zangazo," anatero. "Tiwerengere wani-thuu pang'onopang'ono, Merv."

Nyimbo zonse anazichedwetsa. Merv ankafika m'mawa aliyense asanafike, mkazi wake atamutula pageti, ndipo sanapemphepo kupuma. Akalakwitsa ankatukwana m'Chigiriki n'kuyambiranso.

Chimbale chitatuluka, anthu anakhumudwa. Wolemba nkhani wina anati nyimbozo zikumveka ngati nkhalamba zitatu zikukankha galimoto pachitunda. Wailesi inaika nyimbo imodzi n'kubwerera ku zakale. Mu shopu, bambo wina wovala malaya a bandiyo othetheka anamuimitsa Rhonda.

"Mayi, ine ndinakwatira ndi nyimbo zanu. Koma ichi chokha mukanangochisiya."

"Mukunena zoona, bambo," Rhonda anayankha. Sanamufotokozere chifukwa chake. Col anali atanena kuti matenda a Merv asawagwiritse ntchito popempha chisoni kwa anthu, ndipo mwiniwakeyo sanatchulepo zimenezi kwa mtolankhani aliyense, ngakhale kuti matonzo ambiri ankagwera iyeyo.

Tsiku lina Lamlungu anaotcha nyama kuseri kwa nyumba ya Merv. Col ali kalikiliki kupsereza masoseji, Merv anakokera mpando pafupi ndi Rhonda.

"Iwe sumanama. Chili bwanji chimbalechi?"

"N'chofooka, Merv."

"Ndikudziwa. Ndakuphera nyimbo zako." Anasisita dzanja lija. "Koma pa yako yachiwiri ija, Col akangomaliza vesi lomaliza, ukamvetsere. Pamenepo dzanja linandimvera."

Rhonda anali asanachimvetserenso chimbalecho chitulukireni. Atafika kunyumba anachiika, n'kukhala pansi osavula ndi nsapato zomwe. Nyimbo inkayenda mokwawa monga ankayembekezera. Kenaka Col anatseka pakamwa, ndipo kwa kanthawi kochepa Merv wakale uja anatulukira, manja onse awiri akugwa pamodzi, mwamphamvu, mwaukali. Posakhalitsa dzanja linayambanso kutsalira.

Anabwezera pomwepo kangapo. M'mawa mwake anaimba foni kuti amuuze, koma anayankha ndi mkazi wake: Merv anali atapita kale kuchipatala kukachita mafizo, ndipo ndodo zake anali atazitenga.