Mchere wa M'ndiwo za Felesita

Nkhani yake inayambira pa mtondo, ndipo anaiyambitsa ndi Magalita, mlamu wake, uja amaona ngakhale nsabwe ya m'mutu mwa munthu wodutsa panjira.

Felesita ankasinja chimanga, koma munsi ukati thi! iye nkhope tsinya, dzanja lili pachifuwa. Mabere ankamuwawa zedi, ngakhale nsalu ikangokhudza. Magalita anangofunsa kuti, "Mlamu, bwanji kodi?" Basitu. Dzuwa lisanapendeke, mudzi wonse unali utamva kuti mtengwa wa aNaMiti waima.

Tsono vuto nali. Andireya, mwamuna wake, anapita kunkhondo mu 1942, ndipo apa n'kuti dzinja lachiwiri litatha. Mwana wawo Yosefe anali ataleka yekha kuyamwa miyezi iwiri yapitayo, chonsecho anthu amati mwana akataya bere ndiye kuti wamva mnzake m'mimba. Chinanso, chibadwire Yosefe, Felesita anali asanapitenso kumwezi. Palibe anamuonapo akuitana munthu kudzamuthirira mchere m'ndiwo, monga achitira mkazi pamasiku akewo.

Masana amenewo Felesita anapereka chakudya kwa apongozi ake, aNaMiti, atagwada. ANaMiti anayang'ana mbale ya ndiwo.

"Mchere wathira ndani?"

"Ndine, amayi."

"Chotsani. Mukufuna kutidula? Dzanja loyendayenda lithire mchere, ife titupe miyendo?"

"Amayi, ine sindinayende ndi munthu."

"Nanga maberewo akuwawira mphepo?" Anamukoka Yosefe n'kumukhazika pamiyendo pawo. "Ng'ombe za mwana uyu zinapita kale kwanu. Azigona kwa ine. Aphunzitsi a Wilbroad andilembera kalata ya kwa Andireya, akaiponya kuboma ku Fotijemusoni Loweruka la sabata yamawa. Kalata ikapita, inunso nyamukani. Nokha."

M'mamawa Felesita anauyatsa wa ku Tamanda, kumene msuweni wake Esnat ankathandiza kuchipatala cha mishoni. Anamupeza akuyanika nsalu zomangira mabala.

"Undiuze zoona, iwe," anatero Esnat atamva zonse. "Palibe kamwamuna?"

"Ndikulumbira pa kolona uyu!"

"Bisa kolona wakoyo, kuno n'kwa Adatchi, si kwa Akatolika." Anamukokera kuseri kwa khitchini n'kumupapasa pachifuwa. "Chotupa palibe, kutentha palibe. Mkaka unauma kale, ndiye si za kuleka kuyamwitsa. Masiku apitawa sunaone chikazi chambiri, choyera mbee, chonanda ngati therere?"

Felesita anagwetsa maso. "Masiku anayi apitawo. Ndimayesa ndi matenda."

"M'mimba?"

"Munalasa cha kumanzere kuno, m'munsi. Tsiku limodzi lokha."

"Ndiye si mimba imeneyo, mbuzi iwe. Adona athu a pachipatala pano amati imeneyo ndiyo nthawi imene dzira la mkazi limatuluka. Likatuluka, mabere amalemera n'kumawawa mpaka mwezi ufike. Mimba nayo imawawitsa mabere, n'zoona, ndiye apongozi akowo asokoneza. Thupi lako langodzuka, linali m'tulo ndi kuyamwitsa."

"Ndiye ufika liti?"

"Masiku khumi. Kapena khumi ndi awiri. Thupi si wotchi ya mzungu."

Felesita anawerenga ndi zala. Tsiku lakhumi linagwera Loweruka lomwe lija.

Atafika kumudzi anamanga njere khumi za chimanga pa nsonga ya nsalu yake. M'mawa uliwonse ankamasula imodzi n'kuponyera nkhuku. Ndiwo zake palibe ankadya. Kuchitsime akazi ankati akamuona, nkhani zii, maso onse pamimba pake. Magalita ndiye anachita kumuuza kuti, "Mlamu, mwanenepa bwino masiku ano." Yosefe akamuthamangira, agogo ake ankamugwira mkono n'kumubweza, mwana akulira, "Amama! Amama!"

Lachisanu panatsala njere imodzi. Mabere anali ngati miyala. Felesita anapita kuseri kanayi konse kukadziyang'ana, koma ayi ndithu. Anayamba kuganiza kuti mwina Esnat anangomutonthoza.

Loweruka kunacha. Anaponya njere yotsiriza, nkhuku n'kutola. Kutsidya kwa bwalo aphunzitsi a Wilbroad ankapopa njinga, ndipo aNaMiti anatuluka ndi kalata m'manja, Yosefe ali kumbuyo. Felesita anatereka mphika wa nkhwani. Powerama kuti asonkheze moto, msana unamugwira, m'chinena n'kukoka. Anaima kaye. Anathamangira kuseri.

Potuluka anapeza njinga itaima kale pamsewu, apongozi ake akutambasula dzanja. Anadutsa bwalo lonse osathamanga, n'kugwada pamaso pawo.

"Amayi, dzandithirireniko mchere m'ndiwo."

Aphunzitsi anayang'ana kumbali, n'kuyamba kufinya tayala lopopa kale.

"Mwati bwanji?" anafunsa aNaMiti.

"Ine sindingathire lero, amayi."

ANaMiti anati, "Pakamwa pokha ayi. Tiyeni m'nyumba. Aphunzitsi, imani pomwepo."

Sanakhalitsemo. Atatuluka, aNaMiti analunjika pamoto, natapa mchere m'chikho, nathira mumphika, navundula okha. Analawa.

"Aphunzitsi, pitani, dzuwa lingakupwetekeni. Kalata ndilembetsa ina." Kenaka anatembenukira kwa Magalita, amene anali atasuzumira pa nkhokwe. "Iwe, pakamwa ngati dengu lobooka, kasinje chimanga cha mlamu wako. Sukuona kuti akudwala msana?"

Anamasula Yosefe n'kumutsitsa pansi. "Tengani mwana wanu, wandithyola msana. Usiku wonse kumangondipondaponda."

Pepani sananene, aNaMiti sanena zimenezo. Anangokhala pakhonde, nang'amba kalata ija pakati, n'kukulungiramo fodya wawo wamphuno. Felesita anamunyamula Yosefe n'kumufinyira pachifuwa. Panawawabe pang'ono, koma sanamutsitse.