Chingwe Chinathera M'chipinda Chogona

Fumbi la Okutobala lagona pa chilichonse. Lagona pa masamba a nthochi, lagona pa makoma opanda denga, lagona pa nsidze za Enelesi, mbuu. Kumunsi mtsinje waphwa, mchenga uli mbee, ngati sunalakwirepo munthu.

Koma mtsinje umayenda. Zoti umayenda chotsetsereka aliyense amadziwa. Enelesi waphunzira kuti umayendanso cham'mbali. Zaka zitatu zapitazo, iye ndi mwamuna wake atapeza malowa, anthu a ku khonsolo anakoka chingwe kuchokera pa gombe, n'kukhoma chikhomo. Uku musamange, n'kwa mtsinje, uko mangani. Anamvera. Anaumba okha njerwa, anawotcha okha, anamanga pang'onopang'ono mpaka khoma linafika pa mawindo. Koma dzinja lililonse madzi ankaluma gombe. Ankaluma pomwe okumba mchenga anafukula, ankaluma pomwe kale panali bango, mpaka anameza ndi chikhomo chomwe.

Dzana anthu aja anabweranso. Lamulo silinasinthe, chingwe sichinatalike. Anangochikoka kuchokera pa gombe latsopano, ndipo chinalowa pakhomo, chinadutsa pabalaza, n'kukathera m'chipinda chogona.

"Mayi, sikuti tikudana nanu," anatero wamkulu wawo, akuloza mng'alu m'munsi mwa khoma, kenako mwana amene anali kumsana kwa Enelesi. "Mwanayu mukufuna adzagone apa madzi atadzaza?"

Mng'aluwo Enelesi anali atauona kale, ankangouphimba ndi maso.

Lero akuphwasula nyumbayo, yekha, bambo ali ku ganyu. Pomanga analibe simenti, anamangira dothi, ndipo ankachita nazo manyazi anzake akamadutsa. Dothi lomwelo ndi limene lamuchitira chifundo: akalowetsa chikwanje pakati, njerwa imachoka yathunthu. Yathunthu, yathunthu, ina yosweka, yathunthu. Amaipala, amasanja zisanu ndi imodzi pa nkhata, amakwera chitunda mwana wake Tiyanjane ali kumsana. Khosi lauma gwa. Miyendo ikungoyenda yokha.

"Mayi a Tiyanjane, nyumba yanu ikusamuka wapansi?" akufuula a Nachisale, oyandikana nawo, ali kuseri kwa mpanda.

"Yakumana ndi apongozi, ikupatuka," ayankha Enelesi, koma mphamvu zosekera alibe.

Kum'mawa mitambo yayamba kuda bii. Njerwa zonse ziyenera kukwera mvula isanagwe, apo ayi mtsinje udzazisenza wokha. Pa chikhomo chatsopano chimene anakhoma dzana Enelesi saima. Chikhomo anachikhulupirira kale kamodzi. Apitirira mapazi khumi, apitiriranso, mpaka mpanda wa a Nachisale wamugunda pachifuwa. Malo ake athera pomwepo.

Atula njerwa, ayeza ndi maso danga lotsala. Zipinda zitatu za nyumba ija sizingalowe. Ziwiri, kaya. Ayezanso ndi mapazi, chidendene pa chala, chidendene pa chala. Chimodzi basi, khomo loyang'ana kumtunda.

Apukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, akweza mwana amene wayamba kutsetsereka, atsikanso.