Yisiti ya ku Balaka

Overstone adabwera ku Dublin ndi chinthu chamoyo m'kabotolo. Inali yisiti imene adaipala m'mbiya ya mayi ake ku Balaka, mbiya yofululiramo mowa womwe udamulipirira sukulu. Mayiwo adamwalira iye ali kuno, maliro n'kungowamvera pafoni.

Ku yunivesite ankafufuza kapangidwe ka ethanol, mowa weniweniwo, kuchokera ku ufa wa chinangwa, osauviika m'madzi ayi. Ankangounyowetsa pang'ono, n'kusakaniza chimera kuti sitachi isanduke shuga, yisiti n'kumadya shugayo mpaka mowa kutuluka. Ine ndinkakhala naye nyumba imodzi ku Lucan, ndipo ndinkamuseka kuti wakwera ndege ulendo wonsewu kudzatcheza kachasu wa digiri. Iye ankangomwetulira, n'kunena kuti yisiti ya amayi ndi yolimba kuposa yogula.

Ndiye kudabwera 2009. Chuma cha dziko chidagwa, labu yawo adaitseka, mafiriji osungiramo yisiti n'kuwazimitsa. Mpaka lero zimandipsetsa mtima, ntchito ya munthu kuizima ngati nyale. Overstone adapulumutsa thireyi imodzi yokha ya ufa wokhala ndi yisiti ija. Adaibisa m'kabati yofunda ya thanki ya madzi otentha, momwe timaikamo zofunda, ndipo sabata iliyonse ankatapako pang'ono n'kusakaniza ndi ufa watsopano kuti yisitiyo isafe. Masana ankanyamula makatoni ku Coolock. Akafika kunyumba, asanavule n'komwe jekete, ankatsegula kabatiyo n'kununkhiza.

"Akadalipo," ankatero. Sindidamufunsepo ngati ankanena yisiti kapena amayi.

Mayi Clotilda, a ku Zambia, amene adatilandira m'nyumbamo, Overstone sadawauze kanthu za thireyiyo. Anali a kwaya, mowa sankafuna ndi fungo lomwe. Koma mtima wabwino ndiye anali nawo wochita kusefukira, ndipo chaka chimenecho, ntchito zikutha paliponse, sankalola ngakhale khoko la buledi kulowa m'bini.

Loweruka lina tidabwerera limodzi kuchokera kuntchito, n'kupeza khitchini yatentha. Patebulo panali thireyi ija, ufa uli gwa.

"Ba Overstone," adatero mayiwo mosangalala, "nenze kufuna ma bedsheet, napeza unga wanu wanyowa, wayamba na kusasa. Kuno kulibe zuba yoyanika, so naufaka mu oven one hour. Onani, wauma bwino, simuzataya."

Adachita zomwe mayi aliyense wa kwathu akadachita akaona ufa wanyowa. Mwini wake asakudziwa, adausefanso kuchotsa mibulu.

Ine ndidafuna kuwakalipira, koma Overstone adandigwira mkono. Adawerama pathireyipo, nanunkhiza nthawi yaitali.

"Zikomo, mayi," adatero. "Mwandisamalira."

Adaunyowetsabe ufawo n'kuubwezera m'kabati. Sabata yonse ankafika n'kutsegula, ankafika n'kutsegula. Ufa udachita nkhungu yobiriwira, basi. Ndidamumvera chisoni moti ndinkathawira kuchipinda ndikangomva kiyi wake pachitseko.

Lamulungu lotsatira adandipeza pamasitepe, atavala malaya oyera ndi taye yakuda, thireyi ija ili m'manja.

"Achimwene," adatero, "paja maliro a amayi sindinapite. Tiyeni mundiperekeze kugadeni."

Khasu m'nyumbamo munalibe. Tidakumba ndi sipuni yaikulu ya Mayi Clotilda, mvula ikuwaza, iye akuyimba yekha nyimbo ya maliro.