Misomali ya Bambo Lyle

Verna anakulira pa denga. Bambo ake ankafolera nyumba za m'tauni yawo yonse ku Nebraska, ndipo iye asanamalize n'komwe sukulu ankadziwa kale kuti tailosi la phula limakhomedwa misomali inayi pa mzere wake, kuti msomali uliwonse ugwirenso tailosi lapansi pake.

Amuna ake, a Lyle, anagwira ntchito ku positi zaka makumi atatu. Atapuma anati denga lawo afolera okha.

"Bwanji osaitana achimwene?" anafunsa Verna. Mchimwene wake Orville ndi amene anatenga ntchito ya bambo awo.

"Alamu anga aja? Amakhoma ngati akuthamangitsidwa. Ine ndimaganiza kaye."

Anaganizadi. Anati msomali ukakhala m'munsi madzi aupeza, choncho anayamba kukhoma kumtunda kwenikweni kwa tailosi, kutali ndi mzere. Mizere inawongoka bwino, ngati masitampa pa envelopu.

"Abambo, mwakweza misomali," anatero Verna ali pansi pa makwerero.

"Amayi, inu yang'anani za khofi."

Za denga lonse Verna analibe nazo ntchito. Koma pansi pa mbali yakumpoto panali chipinda chokhala limba la malemu mayi ake, ndipo limba likanyowa, basi lapita.

Lachitatu a Lyle anapita kwa dokotala wa mano, ulendo wa tsiku lonse. Verna, wa zaka 68, anavala nsapato zake za kudimba, nakwera ndi hamala. Tailosi lililonse la kumpoto analitukula n'kukhoma inayi pa mzere. Dzuwa linali lisanamate phula, ndiye sizinavute. Madzulo mawondo anali moto.

"Mukutsimphina bwanji?" anafunsa a Lyle atabwerako.

"Ndimalimira tomato."

Patatha milungu iwiri kunabwera mphepo ija imabwera chaka chilichonse, masanasana, mvula ili pambuyo. Awiriwo anaima pawindo n'kumaonerera denga lawo likudutsa mumsewu, tailosi limodzilimodzi. M'chipinda chogona munayamba kudontha, penipeni pa pilo wa a Lyle. Verna anaikapo beseni n'kupita kukaona limba. Linali gwa, louma.

M'mawa mwake Orville anafika akukankha wilibala yodzaza ndi matailosi aja.

"Alamu, makalata anu awa. Afikira pa kapinga wanga, koma adiresi ndi yanu."

A Lyle sanaseke. Anamugwira mkono n'kuzungulira naye kuseri, mbali yakumpoto ija.

"Musanayambe mwano, taonani uko. Lachoka limodzi? Mbali iyi ndinakhoma m'mawa, mutu uli bwinobwino. Njira yanga ilibe vuto. Kwinaku ndinangotopa."

Orville anakwera, natukula ngodya ya tailosi. Anaona misomali iwiri ya kumtunda, kenako inayi pa mzere, wakumapeto utapendekera pang'ono kumanzere monga ankakhomera bambo awo. Anayang'ana mlongo wake. Verna anali kalikiliki kutola zinyalala.

"Apa pokha mwakhoza, alamu," anatero Orville.

"Mwamva, amayi? Ndiye kwatsalaku ndibwerezanso ndekha."

"Chabwino," anatero Verna. "Koma dzino lija likufunika kukaonetsanso. Ndakupezerani malo Lachitatu."