Zipini Ziwiri za Mwanajuma

Pa nkhani yojambula, Bwana Hemedi anali katakwe m'Zanzibar monse, koma ukatakwe wakewo unathera pakhomo la chipinda cha mkwatibwi. Mwamuna salowamo, olo atakhala ndani! Chikhalirecho mkwatibwiyo, Mwanajuma, amakwera chombo mawa lake kutsatira mwamuna ku Muscat, ndipo mayi ake, Bi Ashura, analibe n'chithunzi chomwe chomukumbukira. Filimu nayo inali itatsala yojambula kamodzi kokha.

Basi Hemedi anadina kabatani, kamera n'kutseguka, mvukuto wake wachikopa n'kufutukuka, n'kuipereka kwa mkazi wake, Zuwena, amene ntchito yake inali yongoipukuta fumbi.

"Musaigwire ngati mbale ya mpunga wa pilau!" anakuwa ali kuseri kwa chitseko. "Suzumirani pakazenera kakang'onoko. Mukuona chiyani?"

Zuwena anatsinzina diso limodzi. Pakati penipeni panali kadontho kachikasu, ndipo m'kadonthomo nkhope ya mwana inali pawiri.

"Bambo, chinthu chanuchi chaledzera. Akwatibwi alipo awiri!"

"Awiri?" anatero Bi Ashura. "Ndiye mmodziyo atsale kuno."

Palibe anaseka. Hemedi anakhosomola kaye.

"Ili ndi maso awiri, lililonse likuona pake. Potozani kagudumuko mpaka agwirizane. Akakhala mmodzi, mtunda mwaupeza."

Kunena n'kosavuta. M'chipindamo munali mbuu ndi utsi wa lubani, nkhope ziwirizo zikungosambira. Kenaka Zuwena anaona chipini chagolide pamphuno pa mwanayo chikuthwanima, nachonso pawiri. Eya! Nkhope anazisiya, n'kutsata zipinizo. Anapotoza pang'ono, zinayandikana. Anapitiriza, zinadutsana. Anabweza mwaulemu ngati akulowetsa ulusi m'singano, zipini n'kukhala chimodzi.

Khe! Anajambula.

Patapita masiku atatu, chombo chili kutali, Zuwena anapita nacho chithunzicho kwa Bi Ashura. Abale inu, chinali chithunzi! Maluwa olembedwa m'manja ndi utoto wa hina ankawerengeka limodzilimodzi, ngakhale msozi umene unali usanagwe unkaoneka. Hemedi anali atachiyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti, "Kamera yabwino imeneyi." Nsanje, anthuni!

Bi Ashura anapukuta manja m'nsalu, nachilandira, nachiyandikiza kumaso.

"Zuwena mwanawe," anatero, "wandisiyiradi mmodzi."